Dothi la ku Kazuni

Tsiku lina madzulo Efulemu adali m'chigafa kwawo ku Mitundu akusoka fodya, wailesi ataikoleka pamtanda. Itakwana nthawi ya mauthenga achisoni, adamva dzina la mlongo wake. Zipora wamwalira ku Rumphi, ndipo adaikidwa kale dzana. Dzana! Munthu woyamwa naye bere limodzi, n'kumumvera pa wailesi ngati mtengo wa feteleza?

Zipora adakwatiwa ndi Maliko, mphunzitsi wakumpoto amene ankagwira ntchito ku Nathenje. Chaka chija boma lidalamula kuti aphunzitsi akumpoto abwerere kwawo, lole idawanyamula ndi mapoto omwe. Mayi ake, a Rozina, sadamuonenso mwana wawo.

"Thupi atimana," adatero a Rozina, Efulemu atathamangira ku Nathenje. "Pita ukatape dothi la pamanda pake, mzimu wa mwana wanga udzagone pakati pa abale ake."

Ulendo wake, abale inu! Basi, matola, kenaka wapansi, ndipo paliponse anyamata achipani: "Khadi, bambo!" Adafika dzuwa litapendeka pa kamudzi ka m'mbali mwa nyanja yaing'ono ya Kazuni, miyendo itatupa, mtima utatupa kuposa miyendoyo. Anthu adamuyalira mphasa, namupatsa madzi. Ulemu umenewo ndiwo udamuwonjezera ukali.

Maliko adabwera atawonda, maso ali psuu. "Pepani alamu. Mvula idadula msewu, thupi silikadadikira. Gonani, mawa akuluakulu akuperekezani kumanda, mukatape mwamwambo."

"Mawa? Pomukwirira mudandidikira mawa ine?"

Chakudya adachikankha. Mudzi utangoti zii, adanyamuka yekha kulowera kumsitu kumene adaona amayi akuloza ndi milomo. Mwezi udali mbee. Mvuu zinkalira kunyanja. Adapeza mtumbira watsopano, dothi lake lonyowa, lozizira, natapa manja awiri n'kumanga pakansalu. Kumbuyo kwake wina adatsokomola. Efulemu sadacheuke, adangoti ndi mvuu, ngati kuti mvuu imatsokomola ngati munthu. Kudacha ali kale pamsewu, osatsazika ngakhale galu wa pakhomopo.

Ku Nathenje adzukulu, anthu okumba manda aja, adakumba kadzenje pafupi ndi manda a agogo ake a Zipora. Adaikamo kansalu kaja, akumpingo naimba nyimbo. A Rozina adalira mpaka mtima udakhala pansi.

Efulemu atabwerera ku Mitundu, usiku woyamba womwewo, chitseko chidagogodedwa.

"Odi."

Mawu a mwamuna, okhuthala, ngati akulankhula madzi ali m'kamwa. Enifa, mkazi wa Efulemu, adamugwira mkono. M'nyumba monse mudadzaza fungo la matope ndi nsomba, pamene kunja nyenyezi zidali waa, mvula osadontha n'komwe.

"Ndani iwe?"

"Kukaya... kukaya..."

Mawu amenewa Efulemu adawamva kumpoto kuja. Amatanthauza kumudzi. Adatola nkhwangwa n'kutsegula chitseko mwaukali. Padalibe munthu. Pakhonde padali mapazi onyowa, aakulu, a mwamuna, ndi ndere zobiriwira. Ndere ku Mitundu zichokera nyanja iti? Mapaziwo adangobwera, obwerera kudalibe.

Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja chimodzimodzi. Enifa adamanga katundu n'kukagona kwa amake. Koma Efulemu liuma lake, ati ndi Atumbuka aja andilodza.

Kenaka Maliko adatulukira ku Nathenje, fumbi lili mbuu, atafumbata kachitini. Adakhala pansi pamaso pa apongozi ake, a Rozina, Efulemu ali pomwepo.

"Alamu, manda atsopano adalipo awiri. Inu mudatapa pa Davide, msodzi amene adamira m'nyanja sabata yomweyo. Abale ake adapeza zala zanu pamtumbira. Zipora ali kuseri kwa chulu. Dothi lake ndi ili."

Safunsa adadya phula, koma uyu adadyetsa mtundu wonse. Efulemu adathamangira kwa adzukulu kuti afukule kansalu kaja, iwo n'kupukusa mitu. Manda safukulidwa. Ndipo dzenje lina la munthu yemweyo sangakumbe, pokhapokha ngati pabanjapo pali wina wofuna kulowamo.

A Rozina sadalire ulendo uno. Adalandira kachitini, nakapukuta ndi chitenje, n'kumuyang'ana Efulemu kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndidakutuma kukatenga mwana wanga, iwe n'kunditengera mlendo. Ndamulirira mlendo, ndamugoneka pambali pa amayi anga, mwana wanga ali panja. Usiku umodzi wokha udakukanika kugona? Choka, ndisakuone."

Kachitini kaja adakaika kunsi kwa bedi lawo, ndipo kadakhala komweko mpaka iwo kumwalira.

Anthu oyandikana ndi Efulemu amanong'ona kuti kuyambira pamenepo pakhomo pake pamafika awiri. Woyamba amagogoda mwamphamvu, madzi ali chuchuchu, kufuna kwawo. Akaleka iyeyo, pamamveka kugogoda kwina, kwapansipansi, kwa munthu wodziwa kuti pano ndi pa abale ake.

"Achimwene, ndafikatu. Ndigone pati?"

Woyambayo Efulemu amamutukwana mpaka tambala kulira. Koma wachiwiriyo, Efulemu sadamuyankhepo.