Lachinayi la Elson

Vailet anakumana ndi Elson pa sikelo, pamene othyola tiyi amayezetsa madengu awo. Chinali chaka cha 2007. Mizere yambiri pa esitetiyo inkangotuwa osathyoledwa, pakuti eni ake anali kumanda: ena kukaika anzawo, ena kukaikidwa. Edzi inali italowa m'nyumba za antchito ngati chiswe.

Elson ankayendetsa thirakitala yonyamula masamba kupita kufakitale.

"Chemwali, ndikutuleni dengulo," anatero mnyamatayo.

"Ndinazolowera, achimwene."

"Manja okongola chotere asazolowere mavuto! Kodi simudziwa kuti pa mtengo wonse timangofuna masamba awiri ndi kansonga? Inu ndinu kansongako."

Vailet anaseka. Atsikana inu, chenjerani ndi kuseka koyamba, pakuti ndiko kumatsekula chitseko!

Posakhalitsa lamya ya Vailet inayamba kulira m'mawa uliwonse. "Kansonga kanga, popanda iwe ndine tiyi wopanda shuga." Tsiku lina: "Ndidzakumangira nyumba kwanu ku Mphuka, ndidzakhala mkamwini womvera. Sindidzakubisira kanthu mpaka imfa."

Komatu mtima wa Vailet sunkakhazikika. Mkulu wake, Rhoda, anali ndi kachirombo, ndipo Vailet ndiye analembedwa kuchipatala ngati womuyang'anira: womukumbutsa kumwa ma ARV ndi kumuperekeza kukatenga ena mwezi ndi mwezi. Ankadziwa mmene matendawa amabisalira m'thupi looneka lathanzi.

Ankhoswe atagwirizana, mkulu wa mpingo ananena mosapsatira: "Ukwati sitilengeza mpaka nonse muyezetse magazi."

"Tipitire limodzi, a Elson," Vailet anapempha.

"Ayi, Vai. Anthu a pano ndi amiseche. Akationa tili awiri pamzere, mawa esiteti yonse idzati tikudwala. Iwe pita wekha, ine ndipita ndekha."

Vailet anapita, napezeka kuti alibe kachirombo. Patatha mlungu Elson anabweretsa pepala lake, dzina lake lili pamwamba. Nayenso analibe! Vailet analisunga m'Baibulo. Nanga bwanji mantha sanamuchoke? Bwanji Lachinayi loyamba la mwezi uliwonse thirakitala inkabwera ndi dalaivala wina?

"Amandituma ku Limbe kukatenga zitsulo, wapamtima," ankatero Elson.

Kutatsala milungu iwiri kuti ukwati ulengezedwe, maliro a mnansi anawalepheretsa Rhoda kukatenga mankhwala tsiku lake. Anauzidwa kubwera Lachinayi. M'mawa umenewo, ali mu minibasi ndi Rhoda, lamya ya Vailet inalira: "Ndili pa Limbe, kansonga kanga. Ndikugulira nsalu."

Pachipatala mabenchi anali odzaza. Vailet anakhala pambali pa mkulu wake, Baibulo lili m'chikwama. Namwino anatuluka ndi mabuku a odwala m'manja.

"A Elson Namakhwa! Lero mwabweranso nokha? Chaka chachiwiri chino, wokuyang'anirani sitinamuonebe!"

Kumapeto kwa benchi kunaimirira munthu wovala chipewa chophimba nkhope. Koma mayendedwe a munthu amene umamukonda sabisika ndi chipewa.

Vailet anamudikira panja, pansi pa mtengo wa bulugamu. Elson atatuluka ndi botolo lake la mankhwala, Vailet anamuimirira kutsogolo.

"Limbe wasamukira kuno, a Elson?"

"Vai, ndimvere kaye..."

"Magazi a pa pepala lija ndi a yani?"

Elson anayang'ana pansi. "A Yesaya, msuweni wanga. Anakayezetsa m'dzina langa. Ndinkaopa kuti undisiya! Ndikanakuuza titakwatirana, ndikulumbira!"

"Titakwatirana? Mukanandiuza nditanyamula kale kachirombo, mwinanso ndi mwana m'mimba?"

"Ndimakukonda, kansonga kanga!"

"Musanditchulenso dzina limenelo. Mukuwaona a Rhoda awo? Ndinawasambitsa pamene anthu ankaopa ngakhale kapu yawo. Lero akuthyolanso tiyi. Kodi ine ndi munthu wothawa wodwala? Mukanandiuza, tikanapita limodzi kwa alangizi kukamva mmene tingakhalire. Namwino uja sakanafunsanso za wokuyang'anirani, pakuti dzina langa likanakhala m'buku lanulo."

Elson analira poyera, osasamala anthu odutsa. Koma misozi siifafaniza bodza lolembedwa ndi magazi a wina. Matenda sanali tchimo lake. Tchimo lake linali kukonzeka kupatsira mnzake ali chete.

Vailet anatsekula Baibulo, natulutsa pepala lija, nalipinda mosamala, nalipereka kwa Elson.

"Kamubwezereni Yesaya. Ndipo mankhwalawo muzimwa osadumphitsa. Ndikufuna mukhale ndi moyo, a Elson, ngakhale si ndi ine."

Anabwerera pa benchi. Rhoda anamugwira dzanja. Lamya inalira m'chikwama, kamodzi, kawiri, katatu.

"A Rhoda ndi wowayang'anira!" anaitana namwino.

Vailet anapukuta m'maso, naimirira.