Tiyese Anavomereza Asanawerenge

M'nyumba ya Bambo Greenwell ku Chinsapo munali mtendere ndi kuopa Mulungu. Mwana wawo wachisamba, Tiyese, atamaliza maphunziro a zamakompyuta kuyunivesite, analembedwa ntchito pakampani ina ya ku Area 18. Kampaniyo inkapanga mapulogalamu oyendetsa mipope ya m'makiyosiki a madzi. Munthu akagunditsa khadi pampope, madzi ankatuluka, ndipo izi zinkatheka chifukwa cha khodi, malangizo amene achinyamata onga Tiyese ankalembera makinawo.

Tsiku loyamba Mayi Kasimu, mkulu wa gulu lawo, anamuuza lamulo la pamalopo.

"Muno khodi sipita kumipope munthu wachiwiri asanaiwerenge. Mnzanu akalemba, inu muwerenge mzere uliwonse, muyese, kenako mudine batani lovomereza. Mukadina, dzina lanu likunena kuti mwaona ndi maso anu."

Atawafotokozera makolo ake, Bambo Greenwell anagwedeza mutu nati, "Ndiye kuti akulemba ntchito ya umboni, mwanawe. Usadzaike dzina lako pa chinthu chimene sunachione."

"Bambo, m'kalasi mwathu ndinkaposa onse," anayankha Tiyese akuseka. "Izi n'zazing'ono."

Miyezi yoyamba ankawerenga mokhulupirika. Koma kuwerenga ntchito ya mnzako n'kotopetsa, ndipo palibe amene amakuyamikira. Zimenezi anaziona Alexander, mnyamata wa ku Area 25 amene ankakhala naye desiki yoyandikana.

"Mphwanga, uwerenga mpaka maso atuluke? Amene amakwezedwa muno ndi olemba, osati owerenga. Tipangane. Iwe ukatumiza yako, ine ndingodina. Ine ndikatumiza, nawe ungodina. Anzathu akamatuluka thukuta, ife tili kubala ku Biwi, tikusewera pulu, kabotolo kozizira kali pambali."

"Nanga Mayi Kasimu akadziwa?"

"Adziwa bwanji? Kapena sukundikhulupirira? Ukuganiza kuti digiri yangayi ndinagula pamsika wa Mchesi?"

Tiyese anachita manyazi, ndipo anadina. Palibe choipa chinachitika tsiku limenelo, ngakhale sabata yotsatira. Mtima wake unalimba. Anafika pomavomereza ntchito ya Alexander pafoni ali m'minibasi, kondakitala akumupanikiza ndi chigongono.

Amayi ake sanachedwe kuona kusintha.

"Mwananga, kale umabwera ndi maso otopa, masiku ano ukubwera ndi maso ofiira. Kuofesi kwanuko amakupatsani chakumwa chanji?"

"Amayi, ntchito yathu simungaimvetse."

"Ntchitoyo sindiimvetsadi. Koma fungo la mowa ndimalidziwa."

Lachisanu lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, Alexander anatumiza khodi yaitali yosintha momwe mipope imazindikirira makhadi. Tiyese atatsegula anaona chenjezo lofiira pamwamba pake, ndipo dzanja lake linaima. Alexander anali kale pakhomo, jekete ili paphewa.

"Zofiirazo zimabwera nthawi zonse. Dina tizipita, tebulo atilanda."

Tiyese anadina, natseka laputopu, namutsatira.

Loweruka m'mawa anadzutsidwa ndi phokoso la zidebe. Pakiyosiki ya pafupi ndi kwawo panali mzere wautali wa amayi, aliyense akugunditsa khadi, mpope uli duu. Uthenga unabwera wakuti makiyosiki onse a kampaniyo, ku Chinsapo mpaka ku Mgona, akukana makhadi. Tiyese analowanso m'nyumba, nazimitsa foni, nanamizira kudwala mutu.

Akuluakulu a kuofesi anavutika kufunafuna cholakwikacho, chifukwa onse ankakhulupirira kuti khodi yovomerezedwa ndi yowerengedwa, choncho anayamba kufufuza kwina. Madzi anabwerera Lolemba. Koma ludzu silinadikire Lolemba. Mabanja ambiri anali atatunga kale m'zitsime za kudambo, ndipo Miracle, kamwana ka Mayi Vaileti oyandikana nyumba ndi makolo a Tiyese, kanatsegula m'mimba mpaka kugonekedwa kuchipatala.

Mayi Kasimu anaitana anyamata awiriwo. Alexander ndiye anayamba kulankhula, nkhope ili yofatsa ngati ya m'busa.

"Madamu, ine ndinalakwitsa mzere umodzi, monga aliyense amalakwitsa. N'chifukwa chake pali wowerenga. Ndinkadalira a Tiyese."

Tiyese anamuyang'ana mnzake uja, koma iye anali akuyang'ana kudenga.

"A Tiyese, munawerenga?" anafunsa Mayi Kasimu. "Musanayankhe, dziwani kuti kompyuta ikusonyeza kuti munatsegula ndi kuvomereza m'mphindi yomweyo."

"Sindinawerenge," anatero ndi mawu otsika, kenako anaulula pangano lonse.

"Wolakwitsa timamuphunzitsa, pakuti tonse muno tinalakwitsapo," anatero mayiwo. "Koma munthu wonena kuti waona asanaone, sindingamusungenso pafupi ndi madzi a anthu. Nonse awiri siyani malaputopu patebulopo."

Makampani a ntchito imeneyi mu Lilongwe ndi ochepa, ndipo akuluakulu ake amadziwana. Kulikonse kumene Tiyese anakafunsira ntchito, mbiri yake inali itafika kale.

Miracle atatuluka m'chipatala, amayi ake a Tiyese anamuuza kuti, "Vala nsapato. Ukapepese wekha, ine ndingokuperekeza." Anawapeza Mayi Vaileti pakhonde, atanyamula mwana wowonda, maso atalowa m'kati. Tiyese anagwada, nayesa kufotokoza za khodi ndi za batani, koma mayiwo anamudula.

"Achimwene, zamakompyuta zanuzo ine sindizidziwa. Ndingofunsa chimodzi. Kuwerengako kukanakutengerani nthawi yaitali bwanji?"

"Mwina ola limodzi, amayi."

Mayi Vaileti anakonza nsalu ya mwana wawo, nalowa m'nyumba.

Wachinyamata iwe amene ukuyamba ntchito, imva chenjezo ili. Ulesi umabala bodza, ndipo kuvomereza chinthu chimene sunachione ndi umboni wonama pamaso pa Mulungu ndi anthu, ngakhale utauchita ndi chala chimodzi. Mnzako wokuuza kuti ungodina adzakhala woyamba kukuloza chala, ndipo amene adzavutike ndi ulesi wakowo ndi anthu osalakwa amene sunawaganizire n'komwe.