Chitseko cha ku Sukulu ya Mkaka

"Chitseko ichi chikutsegukira kuti?"

Namzere anaseka pang'ono, kuyesa nthabwala. Kanyumba kake ka makatoni kanali patebulo, pamaso pa kalasi yonse ya ophunzira kujambula mapulani a nyumba, ndipo aphunzitsi awiri anali atayamikira kale denga, mawindo ndi khonde lake. Dzina loti Namzerelo anamupatsa ndi anzake, poti mtsikanayu ankalemba mzere wowongoka kuti nyoo popanda rula. Koma amene anafunsa tsopano anali mphunzitsi wa zamalamulo, bambo wachikulire wowonda, wa jekete lotuwa, yemwe ophunzira ankamutcha a Ndime chifukwa chokonda kunena kuti "ndime yakuti, gawo lakuti." Tisabise, phunziro la a Ndime Namzere ankalithawa ngati ali nalo chifukwa. Ankati iye anabwera kudzajambula, osati kudzakhala loya.

"Chikutsegukira m'kati, aphunzitsi," anayankha. "Ndimafuna pakhonde pazioneka poyera, popanda chotchinga."

"M'chipindamu muzikhala ndani?"

"Ana a sukulu ya mkaka. Makumi anayi."

"Khomo lina lilipo?"

"Ayi, ndi lomweli."

Chimene Namzere sananene ndi ichi: nyumbayo sinali ya makatoni okha. Yeniyeni inali itamangidwa kale kufupi ndi kwawo. Mayi oyang'anira sukulu ya mkaka anamupempha kuti awajambulire, ndipo chitsekocho anakoleka ndi bambo ake enieni, kalipentala. Tsikulo linali Lachisanu, ana ankayembekezeka kulowamo Lolemba.

A Ndime sanadzudzule kanthu. Anangonyamula chibuku chawo cha malamulo chachikuto chong'ambika n'kunena kuti, "Tiyeni nonse, mundiperekeze."

"Lero ndiye taona malodza, a Ndime atuluka m'kalasi!" ananong'ona mnyamata wina wamtali, anzake n'kumaseka chamumtima.

Anawatengera kuchipinda chosungira zipangizo, kuseri kwa kalasi yawo. Munali mashelefu a fumbi, mapepala okulungiza, zitini za penti youma ndi kawindo kamodzi kam'mwamba. Onse makumi awiri ndi atatu atalowa, a Ndime anatseka chitseko n'kuimika Namzere kutsogolo, dzanja lake pachigwiriro.

"Chitseko ichi chikufanana ndi chanu, mayi," anatero. "Ndikaomba m'manja, nonse muyambe kulowera kukhomo ngati mwamva fungo la utsi. Musathamange, musakankhe dala mnzanu. Ingoyendani, koma osaima. Inu ntchito yanu ndi yochepa: mutitsegulire."

Anaomba m'manja.

Namzere anakoka. Chitseko chinatseguka kampata kolowa zala ziwiri, kenaka phwaa! chinadzitsekanso. Wina anali atamugunda pamsana, winanso paphewa. Anafuna kubwerera m'mbuyo phazi limodzi lokha, limodzi basi, koma malo a phazi limodzilo panalibe. Tsaya lake linagunda thabwa. Anakuwa kuti, "Tabwererani m'mbuyo!" koma akumbuyowo sanamve, anali kuseka. Anakokanso ndi manja onse awiri, mpweya ukumuchepera, chitseko chili nji.

"Basi!" anatero a Ndime.

Anthu anamasuka, kuseka kuja n'kuzilala ataona nkhope ya Namzere. Mtsikanayo anachita mantha enieni, a mtundu umene anali asanaumvepo chibadwire.

"Masekondi khumi ndi imodzi okha amenewo," anatero a Ndime, maso ali pawotchi. "Ndinu akuluakulu, moto kulibe, ndipo mumaseka. Tsopano chotsani akuluakuluwa, muikemo tiana ta zaka zinayi, tikulira."



A Ndime anakhala pachitini cha penti, chibuku chija pamaondo. Sanakweze mawu, koma aliyense anamva. Anati chitseko chotere chikavulaza munthu, wojambula pulani salandira mlendo mmodzi. Oyamba kugogoda ndi a boma, atanyamula malamulo a kamangidwe, kudzafunsa ngati pulaniyo inadutsa m'manja mwa oyenera kuivomereza. Kenaka mwini nyumba amabwera ndi malamulo a mapangano, amvekere, ndinakupemphani chipinda chokhalamo ana, mwandipatsa msampha. Pakatayika moyo, apolisi nawo amafika, nkhani n'kusanduka mlandu waupandu.

"Nanga ndikangochitembenuza, chizitsegukira kunja, n'kumakafika pamalo a mnansi?" anafunsa wamtali uja, nthabwala zitamuthera.

"Ndiye kuti mwaputa malamulo a malo, mnansiyo akupezani. Koma mlendo amene ine ndimamuopa si ameneyo." A Ndime anatembenukira kwa Namzere. "Ndi mayi wa mwana. Simunaonanepo, simunasainirane kalikonse, dzina lake simulidziwa. Komabe lamulo likuti tsiku limene munalemba mzere uja, munasenza udindo wosamala mwana wake. Ndipo kukhoti mawu oti 'sindinkadziwa' sapulumutsa munthu."

Anatambasula dzanja n'kumupatsa bukulo. "Mumati ndimakutopetsani ndi ndime. N'zoona, zimatopetsa. Koma ndime zambiri m'menemu zinalembedwa maliro atachitika kale. Anthu anakhala pansi, misozi ili m'maso, n'kunena kuti izi zisadzachitikirenso mwana wa wina."

Namzere anatsegula bukulo pakati. Manambala aja omwe ankamugonetsa tulo anali pomwepo: kutambalala kwa khomo, kutalika kwa sitepe, mpata wa pakati pa zitsulo za pakhonde la nyumba yosanja. Anawerenga nambala ya mpatawo kawiri. Ndiye kuti kwinakwake, kalekale, kamutu ka mwana wina kanalowa pakati pa zitsulo! Anthu amene sanamudziwe, ena mwina anafa iye asanabadwe, anali atamuganizira kale iyeyo ndi pensulo yake. Anagwira bukulo ndi manja awiri, monga agwirira khanda la mwini.

"Aphunzitsi," anatero, "nyumba ija inamangidwa kale. Ana alowa Lolemba."

A Ndime anamuyang'ana. "Nanga mukudikira chiyani pano?"

Namzere anawapeza bambo ake pakhonde la sukulu ya mkaka, atagwada, akupukuta madontho a vanishi. Chitseko chinali kung'anima, chamatabwa osalala, chokhala ndi timagalasi tinayi m'mwamba, ndendende monga anajambulira. Anthu odutsa mumsewu ankacheuka.

"Ehee, injiniya wanga wafika!" anatero bambowo akumwetulira. "Taona mmene chakhalira. Mayi aja akuti Lolemba akakuimika pamaso pa makolo onse."

Namzere anayang'ana chitsekocho. Zikanakhala zosavuta kungomwetulira nawo. Koma tsaya lake linali likadawawa.

"Bambo, ndinalakwitsa. Chitsekochi chiyenera kutsegukira kunja. Ndipo pakufunika khomo lachiwiri kumbuyo."

Anafotokoza zonse, osasiyako. Bambo ake anaika kansalu pansi. Sanakalipe. Anaimirira pang'onopang'ono, n'kuyendetsa chala m'mphepete mwa felemu.

"Si nkhani yongotembenuza mahinjesi iyi," anatero. "Felemu yonse izulidwe, pulasitala aphwanyidwe. Lolemba lalephereka basi." Kenaka anapitiriza motsitsa mawu. "Ndinaziona, mwanangu. Zaka makumi atatu ndikukoleka zitseko. Tsiku lomwe ndimamanga hinjesi yoyamba, dzanja langa linakana. Koma ndinati, ine ndani, wosapita patali ndi sukulu, kutsutsa pepala la mwana wanga wa ku koleji?"

Mawu amenewo anamulasa Namzere kuposa onse a m'chipinda cha fumbi chija. Misozi inalengeza. Pepala lake, kapepala chabe ka mizere yokongola, linali litatseka pakamwa munthu wodziwa ntchito kuposa iye.

Anapita yekha kukawauza mayi oyang'anira sukulu. Mayiwo anagwira m'chiuno, nadandaula za makolo omwe anawaitana kale, n'kumufunsa kawiri ngati kusukulu kwakeko amaphunzira chogona. Namzere sanadziikire kumbuyo. Anapepesa, nawauza kuti pulani yatsopano ikayambe yaonedwa ndi ovomereza mapulani njerwa isanasunthe. Mayiwo anayang'ana chitsekocho, nayang'ananso timipando tating'ono tomwe tinali titandandalikidwa m'kati, n'kupumira m'mwamba. "Chizuleni," anatero.

Atabwerera pakhonde, anapeza bambo ake atamasula kale sikuluu yoyamba. Anamuuza kuti agwirire chitseko kumunsi, chingagwe. Chinali cholemera kuposa mmene ankaganizira.

"Ulendo wina ndikakayikira, ndizikufunsa," anatero bambowo, maso ali pa hinjesi.

"Ayi, bambo," anayankha Namzere, atachilikiza chitsekocho ndi phewa. "Muzindikaniza."