Chitsime Chimene Achule Anachithawa

"Kodi madzi akumwa mumatunga kuti, amake Alinesi?"

Anafunsa ndi mayi Urmila, a m'sitolo ya nsalu pafupi ndi msika wa Lilongwe, tsiku limene Evelina anakagula nsalu yoyera yokulungira mtembo wa Alinesi, mwana wake woyamba. Inali nthawi ya Chitaganya. Evelina anangoona kuti mayiwo ayeza nsaluyo mopitiriza muyeso.

Funsolo linamubwerera atazindikira kuti achule a pachitsime cha kudambo aleka kulira. Usiku kunkangoti zii, kupatula phokoso limodzi lochokera komweko: khwee, khwee, ngati chitsulo chikukwechedwa ndi mchenga, kenako madzi kukhuthuka pang'onopang'ono mumdima. M'mawa pamadzi pankayandama kamafuta konyezimira. Amayi ankanong'onezana kuti mfiti ikutsukirapo mbale zake, ndipo amuna anayamba kusema zibonga.

Tsono Immaculata, mwana yekhayo wotsala, anayamba kunjenjemera manja ndi kutuluka dovu monga anachitira mkulu wake. Usiku umenewo phokoso lija litayamba, Evelina anatenga nyali natsetsereka yekha, udzu wonyowa ukumukwapula m'miyendo. Fungo lowawa linamulowa m'mphuno asanaone munthu.

Pambali pa chitsime panali patanjuta Bauleni, wogwira ntchito kunazale ya fodya ya mzungu kumtunda kwa dambo. Ankatsuka pampu yopopera mankhwala.

"A Bauleni, ndinu?" ananong'ona Evelina.

"Ndine, mayi. Masana amayi amasamba kuno, si ulemu kuti mwamuna ndifikeko. Koma kapitawo amafuna pampuyi iziwala."

"Nanga madzi otsukirawo?"

Bamboyo analoza pansi, pakamwa penipeni pa chitsime. "Dothi limamwa. Ndi mankhwala a tizilombo chabe." Anakweza maso nayang'ana nkhope ya Evelina, mchenga n'kumupulumuka m'manja. "Mayi... kodi Alinesi uja, ndi madziwa?"

Evelina anazimitsa nyali. Munthu yemweyu ndi amene anapalasa njinga kutengera Alinesi kuchipatala, mvula ili pamutu, nakana ngakhale zikomo.

Kutacha, amuna a zibonga anamupeza akubereka Immaculata kuti apite naye kuchipatala.

"Tamva kuti munapitako, mayi. Munaona ndani?"

"Mfiti sindinaione," anatero Evelina, akumanga mbereko. "Koma madziwa ndi amene akutha ana athu. Chitsimechi chikwirireni lero."

Woyamba kufika ndi khasu anali Bauleni. Evelina anamupatsa moni ngati masiku onse, nadutsa.