Voisi Yomwe Inafika kwa Amalume

Mvula inali itangokata pa Songani pamene Nickson anamuona koyamba. Mtsikanayo anaima pa siteji, ambulera m'khwapa, akumenyetsa foni pachikhatho mokwiya.

Benchi la Nickson linali pomwepo, pakhonde la golosale. Ankakonza mafoni, ndipo kuseri anali ndi kachipinda ka makanema awiri momwe anthu ankasewera gemu ya mpira. Zonsezi anaziyamba ndi manja ake atabwerako ku Joni, ndipo pa Songani panalibe munthu amene sanauzidwe zimenezi kasanu.

"Achemwali!" anakuwa Nickson. "Foni samenya! Ikalakwa amabwera nayo kuno kukhoti!"

Mtsikanayo anacheuka. Mayo ine! Maso amenewo! Nickson, amene pakamwa pake sipaumapo chinakhalire, anameza malovu kawiri.

"Khoti lake ndi benchi limenelo?" anafunsa mtsikanayo akuyandikira.

"Musaone benchi, onani manja. Manja awa atsegulapo mafoni ku Joni, ku Tete, mpaka ku Dar es Salaam. Yavuta chiyani?"

"Chiilandirire apudeti ikungouma."

"Apudeti! Ndimanena tsiku ndi tsiku ine! Makampaniwa amakusenzetsani thumba la chimanga pamsana pa mwana wakhanda, cholinga foni itope mukagule ina. Dzina ndani, kuti ndilembe pa mlanduwu?"

"Iness. Ndimaphunzitsa kufupi ndi Mishoni ya ku Domasi. Ndipo chonde fulumirani, nthawi yocheza ndilibe."

Minibasi ziwiri zinadutsa. Yachitatu inaima, kondakitala anakuwa mpaka kutopa, koma Iness sanakwere. Anali akuseka. Foni itayamba kuyenda, Nickson anakanda kumutu.

"Ndipatseni nambala, ndiyese ngati ikulira."

"Mwakonza nokha koma simukudzikhulupirira?"

"Dokotala wabwino amatsatira wodwala wake."

Iness anapukusa mutu, koma nambala anapereka.

Nickson anali wotchuka pa chinthu chimodzi. M'mawa uliwonse ankajambula voisi n'kuiponya m'magulupu a pa Watsapu. Ankaiyamba ndi mawu akuti, "Ano ndi maganizo a Nickson, wokana akane!" Lero za mafoni otchipa omwe amatentha ngati mbaula, mawa za magemu atsopano ofuna netiweki usana ndi usiku ngati kuti kuno magetsi sathima, mkuja za andale olonjeza mwezi ndi nyenyezi. Ena ankamutukwana, ambiri ankaseka, koma onse ankamvetsera.

Tsopano kunayamba kutuluka mauthenga ena, opita kwa munthu mmodzi yekha.

"Wadzuka bwanji duwa la ku Domasi? Batire ya mtima wanga yatsala pang'ono, bwera unditchaje."

"Pitani mukatchaje pa golosale. Ndili m'kalasi."

"Ndayenda mayiko, koma kumwetulira ngati kwako sindinakuone."

"Mayiko ake atatu omwe aja?"

"Anayi! Ku Zambia ndinaponda mwendo umodzi!"

Loweruka lina Iness anabwera kudzaona kachipinda ka gemu kaja. Nickson anadziguguda pachifuwa kuti chigwa chonse cha Domasi palibe anamugonjetsapo. Iness anakhala pansi, anakonza chitenje, n'kugwira kosewerera. Chigoli! Chigoli china! Chachitatu anachita kugoletsa akuyang'ana kumbali. Anthu anafa nalo phwete.

"Ndinakula ndi achimwene anayi," anatero Iness modekha. "Mudzaiike mu voisi ya mawa."

Nickson anaiikadi. "Abale anga, ndagonja, ndipo sindinakondwepo chonchi!"

Madzulo a tsiku limenelo, akumuperekeza ku siteji, anamugwira dzanja.

"Iness, ine ndasiya kuyenda. Ndafika. Ndikufuna ukhale mkazi wanga, ndipo ndikulonjeza kuti misozi yako sidzagwa chifukwa cha ine."

Iness anayang'ana pansi, akujambula dothi ndi chala chakuphazi.

"Ngati mukunena zoona, wapamtima, tumani malume anu akaonane ndi amalume. Bambo atamwalira, anatilera ndi iwowo. Akakana iwo, ine sindingawoloke."

"Amalume okha? Ine ndinanyengererapo apolisi a pa chipata cha Beitbridge!"

Miyezi yonseyi Iness ankangoti "amalume". Amalume ati, amalume abwera, amalume adwala chimfine. Mwana woleredwa bwino angatchule dzina la malume ake ngati akuitana mnzake? Ndipo Nickson, amene ankadziwa dzina la foni iliyonse yotuluka kunja, sanaganizepo zofunsa.

Anapangana kuti a Makaiko, malume ake a Nickson, apite Loweruka.

Lachinayi, Nickson anakwera kabaza kukasiya foni ya kasitomala kutsidya la kamtsinje kena. Anavala nsapato zake zoyera za ku Joni. Pa kamlatho ka matabwa, thabwa lina lowola linangoti phwa! Njinga uku, mwini njinga uku, Nickson m'matope mpaka m'chiuno!

Anatuluka atapsa mtima koopsa. Foni inapulumuka. Pomwepo, matope akuchucha, anadina.

"Ano ndi maganizo a Nickson, wokana akane! Akhansala athu a Jeremiya anatilonjeza mlatho zaka zitatu zapitazo. Uli kuti? Chomwe chakula m'dera muno ndi mimba yawo yokha! Bwanji tingowagoneka chagada pamtsinjepa tiziwolokera pamimbapo? Munthu wa foni yodula koma wongodziwa batani loyankhira! Chaka chino tionana pa voti!"

Voisiyo inayenda ngati moto wa m'chilimwe. Pofika Lachisanu inali itamveka ku Malosa, m'maminibasi, pa chigayo. Nickson ankayenda ngati wapambana chisankho. Iness yekha sanaimve, bandulo inali itamuthera.

Loweruka masana, a Makaiko anatulukira pa benchi jekete ili paphewa, thukuta lili kamukamu.

"Amalume! Zayenda? Ati tsiku liti?"

A Makaiko anakhala pansi mwamphamvu.

"Mphwanga, malume ake a mtsikana uja umawadziwa dzina?"

"Amalume basi."

"Amalume basi! Ndafika bwinobwino, andilandira, andipatsa mpando. Ndayamba kuyala nkhani. Mwini mbumba angoti, 'Dikirani kaye, a Makaiko, ndikumvetseni kanyimbo.' Atulutsa foni. Ndipo usadzanamenso kuti amangodziwa batani loyankhira!"

Nickson anaika pansi foni imene ankakonza.

"A... a Jeremiya?"

"Eni ake mimba! Aiseweretsa kawiri, pamaso pa azimayi onse. Ine ndimangoyang'ana nsapato zanga. Pomaliza ati, 'Kauzeni mwana wanuyo kuti mlatho wolowera pakhomo pano wathyoka.'"

Foni ya Nickson inanjenjemera. Unali uthenga wa Iness.

"Munalonjeza kuti misozi yanga sidzagwa chifukwa cha inu. Lero ndalira pamaso pa mbumba yonse. Munthu mwamuseketsa dziko lonseyo ndi amene anandinyamula pamsana kupita nane kuchipatala. Tsalani bwino."

Anaimba, sinalowe. Analemba, sunafike. Chithunzi cha Iness chinazimiririka. Anali atamubuloka!

Kodi munthu angakonze mafoni a chigwa chonse n'kulephera kukonza pakamwa pake? Kodi nsapato zoyera zinali zofunika kuposa Iness?

Masabata awiri kunalibe voisi. Anthu ankafunsana ngati Nickson wadwala. Pa gemu ankagonja kwa aliyense, ngakhale kwa ogulitsa tomato. Akamva minibasi yaima, ankadzutsa mutu, kenako n'kuweramanso.

Tsiku la msika anamuona Iness akugula kabichi. Anasiya foni ya kasitomala ili chitsegulire n'kuthamanga.

"Iness! Duwa langa!"

"Musandiitane choncho pagulu."

"Sindimadziwa! Ndikulumbira, sindimadziwa!"

"Mukanakhala kuti mumadziwa, mukanakhala chete?"



"Za mlatho munanena zoona," anatero Iness. "Ana anga a sukulu amavula mayunifolomu powoloka pamenepo. Koma mimba inalakwa chiyani? Tsopano ana akawaona amalume amagwira pamimba n'kumaseka. Munthu wamkulu!"

"Ndiifufuta."

"Mufufuta m'mafoni a anthu onse mpaka ku Liwonde? Inu ndinu katswiri, mukudziwa."

Ananyamula kabichi wake n'kumapita. Sanacheuke, koma Nickson anaona akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

M'mawa mwake magulupu anadzidzimuka.

"Ano ndi maganizo a Nickson, ndipo lero wokana ndine ndemwe. Ndinanyoza thupi la munthu wamkulu, a Jeremiya. Ndinachita mwano, ndinaleredwa bwino koma ndinaiwala. Bambo, ndikhululukireni, ndagwada. Za mimba ndabweza, za foni ndabweza. Koma za mlatho sindibweza, chifukwa mlathowo kulibe."

A Makaiko atamva anagwira kumutu. "Mwana uyu! Akupepesa kapena akuwonjezera?"

Patapita masiku atatu kunabwera uthenga: a Jeremiya akufuna a Makaiko Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi, ndipo abwere naye mwini pakamwayo.

Anakhala pansi pa mtengo wa mango, pakhomo pa mayi ake a Iness. Azimayi anali pamphasa chapatali. Iness sankaoneka, koma katani ya pawindo inkagwedera popanda mphepo. Nickson anakhala pa kampando kafupi, manja pakati pa mawondo. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anavala nsapato zakuda.

A Jeremiya anamuloza ndi chala.

"Ndiye ndiwe wailesi ya pa Songani?"

"Ndine, bambo."

"Kupepesa kwako ndakumva. Mawu ako amafika kutali kuposa misonkhano yanga, zimenezo ndavomera. Tsono tipangane chonchi. Mawa ujambule ina. Unene kuti za mlatho unalakwitsa, zinthu zili m'dongosolo, ndipo anthu andivoterenso. Ukatero, mwanayu ndi wako."

A Makaiko anamugunda Nickson ndi chigongono. "Vomera," ananong'ona. "Vomera msanga!"

Nickson anayang'ana pawindo paja. Mawu amodzi okha, "chabwino", ndipo Iness akhala wake! Anatsika pa kampando n'kugwada.

"Bambo, Iness ndimamukonda kuposa mmene pakamwa pangapa pangafotokozere, ndipo pakamwa panga mukupadziwa. Ndiuzeni ndikulimireni munda, ndilima. Ndiuzeni ndisenze matabwa a mlathowo pamutu, ndisenza. Koma kuuza anthu kuti zili bwino pamene ana akuwoloka m'madzi, sindingathe. Mungamupatse mwana wanu kwa mwamuna wonama?"

A Makaiko anayamba kufunafuna chipewa chawo.

"Ndiye nkhani yatha," anatero a Jeremiya.

"Sinathe, achimwene."

Anali mayi ake a Iness. Anadzuka pamphasa, anayandikira, n'kukhala pansi pafupi ndi mlongo wawo. Anakweza chitenje pang'ono kuonetsa chipsera pa bondo.

"Ichi mukuchidziwa? Ndinakuuzani kuti ndinagwa kubafa. Ndinagwa pa mlatho wanu uja, ndi thumba la mgaiwa pamutu. Ndinabisa kuti musachite manyazi. Mbumba yonseyi timanong'ona, mwanayu yekha ndiye wanena mokweza."

"Inenso ndinagwapo," anatero mayi wina pamphasa.

"Ine kawiri!" anawonjezera wachitatu.

Chitseko chinatseguka. Iness anatuluka, maso ofiira, n'kugwada patsogolo pa malume ake.

"Amalume, mukandikaniza ndimvera, chifukwa ndinu bambo anga. Koma akanavomera zija, ndikanamukana ndine."

A Jeremiya anayang'ana mlongo wawo, anayang'ana Iness, anayang'ana azimayi pamphasa. Kenako mapewa anayamba kugwedezeka. Mimba ija inayamba kudumpha. Anaseka mpaka kutsokomola!

"Ha! Ndiye chipani chotsutsa chili m'nyumba mwanga momwe! A Makaiko, mwandibweretsera mkamwini kapena nyuzipepala?"

"Zonse ziwiri, bwana," anayankha a Makaiko, akubweza chipewa pabondo.

"Iwe Nickson, matabwa aja wanena wekha. Ndikapita kuboma kukakumbutsa za simenti, udzandiperekeza, ukalankhule monga umalankhulira mufonimo. Tione ngati kumeneko pakamwa padzatseguke."

"Padzatseguka, bambo!"

"Ndi chimene ndikuopa." A Jeremiya anapukuta misozi ya kuseka. "Chabwino. Chinkhoswe mwezi wamawa. A Makaiko, konzani tambala wanu, wonenepa. Koma pobwera naye mudzazungulire kumsewu waukulu, mungagwe naye m'madzi."

Nthungululu zinaphulika pamphasa! Mayi ake a Iness anavina osadikira ng'oma.

Nickson anadzuka mawondo ali fumbi lokhalokha. Anafuna kunena chinthu chachikulu, chokoma, choti anthu adzachikumbukire. Anayang'ana Iness, Iness anamuyang'ana akumwetulira misozi ili m'masaya, ndipo mawu onse anathawa.

"Nenani kanthu, wapamtima," ananong'ona Iness.

"Ndilibe maganizo," anatero Nickson.