Falida ndi Chipinda cha Mdima

"Wofiira!" anatero Falida.

"Ayi, woyera!" anatero Rabia.

"Wofiira, iwe!"

"Woyera, ndati!"

Falida ndi Rabia anali pachibale. Falida ndiye anali wamng'ono. Ankakangana za mtsiro, dothi lozirira nyumba.

Achemwali awo, a Mwanaisha, anakwatiwa ku Songani. Lachisanu likudzalo ankayembekezeka kubwera kumudzi ndi khanda lawo, Sumaili.

Ulendo wapitawo anagona tsiku limodzi lokha. "Chipinda ichi n'chamdima ngati nkhokwe," anatero. M'mawa mwake anabwerera. Falida analira mpaka kumsewu.

Ulendo uno Falida ankafuna kuti achemwali akhalitse. Koma sanauze munthu aliyense.

M'chipinda chija, Rabia analemba mzere pansi ndi chala chakuphazi. "Uku kwako, uku kwanga," anatero.

Rabia anazira khoma lake ndi mtsiro woyera. Basi, anatha.

Falida anazira khoma lake ndi mtsiro wofiira. Koma iye sanathe. Anathamangira kunyanja ya Chilwa. Anatola zigoba za nkhono. Anatola nthenga zoyera za akakowa. Anathamangira kwa atelala kukapempha zigamba.

Anapachika zigoba. Anapachika nthenga. Anapachika zigamba. Anapachika kalendala ya chaka chatha. Anaika mtsuko apa, dengu apo. Analowetsanso mono wa Ababa wogwirira nsomba!

"Bwerani mudzaone!" anafuula Falida. "Fulumirani!"

Achimwene awo, a Alli, anasuzumira pakhomo. Miyendo yawo inali matope okhaokha. Ankachokera kumunda wa mpunga ku Likangala.

"Ho! Msika wa Songani wasamukira muno?" anatero. "Mayi Falida, monoyu mukugulitsa bwanji?"

Amayi analowa. Phu! Anapunthwa pa dengu.

"Mayo, chala changa!" anatero Amayi. "Mwanangu, zinthu zako n'zokongola. Koma maso anga asowa potera. Nanga wonyamula khanda adutsa pati?"

Onse anatuluka. Falida anatsala yekha. Anagona chagada pamphasa. Misozi inalengeza.

Anayang'ana khoma lake. Linali lodzaza, koma lamdima.

Anayang'ana khoma la Rabia. Dzuwa linalowa pazenera. Linagunda khoma loyeralo. Khomalo linawala kuti mbee!

Anayang'ana kumwamba. Kudenga kunali bii, mwaye wokhawokha.

Falida anadzuka msangamsanga.

"Rabia! Rabia! Tabwera!"

"N'chiyaninso?"

"Tagona apa."

"Ndigone masanasana? Ndadwala ine?"

"Tangogona! Khala ngati ndiwe Sumaili. Ukuona chiyani?"

Rabia anagona chagada. "Ndikuona mwaye," anatero.

"Eya! Khanda siliona khoma. Khanda limaona kumwamba!"

Rabia anaseka. Falida anayang'ana pansi.

"Woyera wako uja ukuwala," anatero motsitsa mawu.

"Wofiira wakonso si woipa," anatero Rabia. "Wangochuluka."

Anayamba kutulutsa zinthu. Mono, panja! Dengu, panja! Kalendala, panja! Zigamba, panja!

Anasasa mwaye ndi tsache lalitali. Rabia anayetsemula katatu.

Kenako anazira makoma onse anayi. Kumwamba anazira woyera, kuti muwale. Kumunsi anazira wofiira, kuti fumbi lisaoneke. Woyera unali wambiri. Wofiira unali wochepa.

Pakati panatsala mpata. Falida anaviika chala mu mtsiro wakuda wa kudambo. Anajambula funde limodzi. Anajambula lina lofanana nalo. Funde, funde, funde, kuzungulira chipinda chonse.

"Nyanja yalowa m'nyumba!" anakuwa Rabia.

Mphasa anaiyala pafupi ndi zenera. Mtsuko anauika pakona. Kuchokera pakhomo mpaka pamphasa, njira inali yoyera.

Falida anaima pakhomo. Anayang'ana. Anagona pamphasa. Anayang'ananso.

"Kwatsala chimodzi," anatero.

Anasankha nthenga zisanu zoyera kwambiri. Anazitsuka. Anaziyanika. Anazimanga ndi ulusi.

"Achimwene, tandipachikireni kumtanda uko. Pamwamba, poti khanda silingafikire."

"Msika watha?" anafunsa a Alli. "Ndimafuna kugula mono uja."

"Pachikani, inu!"

Lachisanu linafika. Falida anadikira pansi pa mtengo wa mango. Anakhala, anaimirira. Anakhala, anaimiriranso.

Ngiri ngiri! Belu la njinga!

"Afika! Achemwali afika!"

A Mwanaisha anatsika panjinga ya amuna awo. Sumaili anali kumsana. Falida anawakoka dzanja.

"Dikira, ndipereke moni kwa Amayi!"

"Moni pambuyo! Tiyeni!"

A Mwanaisha anaima pakhomo la chipinda. Anayang'ana uku ndi uku. Mtima wa Falida unagunda, gu, gu, gu.

"Chipinda chake n'chomwe chija?" anafunsa. "Mwabowola zenera lina?"

"Ayi, ndi lomwe lija!" anatero Rabia.

A Mwanaisha analowa. Sanapunthwe. Anagoneka Sumaili pamphasa.

Kamphepo ka kunyanja kanalowa pazenera. Nthenga zinayamba kuvina. Sumaili anatong'ola maso. Anaponya timiyendo. Anaseka!

"Taonani, akuseka!" anatero Amayi pakhomo.

"Wachita zimenezi ndani?" anafunsa a Mwanaisha.

"Tonse," anatero Rabia. "Koma nthengazo ndi Falida."

A Mwanaisha anagwada. Anagwira Falida m'mapewa.

"Ndikupatse chiyani, mng'ono wanga? Mpango? Sikono?"

Falida anapukusa mutu.

"Nanga chiyani? Tanena."

Falida anayang'ana nthenga. Anayang'ana achemwali ake.

"Musapite mawa," anatero. "Mukhale mpaka tikolole mpunga."

A Mwanaisha anaseka. Anasendera uko, n'kusiya malo pamphasa.

"Alamu ako adzanditenga mpunga ukalowa m'matumba. Chinanso?"

Falida analumphira pamphasa, pambali pa Sumaili.

"Inenso ndizigona muno!"