Tsiku Limene Otis Anagona Pansi

Uyu ndi Lenora. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Amakhala m'tauni yaing'ono ku Alabama. Lenora ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuona roketi.

Osati roketi ya m'buku. Osati roketi ya pa TV. Ankafuna roketi yeniyeni, ya mtundu umene unkapita kumwezi.

Roketiyo ili m'nyumba yaikulu yoonetseramo zinthu za kumwamba. Nyumbayo amati myuziyamu. Ana a m'kalasi mwake anapitako onse pa basi yachikasu. Lenora sanapite nawo. Tsiku limenelo anali ndi katsabola. Anatsala pabedi akudzikanda.

Anzake atabwerako, nkhani inali ya roketi basi. Pa chakudya, roketi. Pa masewera, roketi. Lenora ankangomvetsera. Mumtima zinkamuwawa kwambiri.

Uyu ndi Otis, mlongo wake wa Lenora. Ali ndi zaka ziwiri. Ali ndi masaya onenepa ndi timano tisanu ndi titatu. Otis ndi mwana wabwino. Koma ali ndi khalidwe limodzi. Otis amagona pansi.

Akatopa, amagona pansi. Akamva njala, amagona pansi. Ukamuletsa kanthu, amagona pansi. Amagona m'sitolo. Amagona pakhomo la tchalitchi. Tsiku lina anagona pakati penipeni pa positi ofesi. Akagona amalira mpaka makutu kuwawa. Ukati umunyamule, amalemera ngati thumba la simenti.

Ine ndimamudziwa bwino Otis. Ndine mayi Tibbs, wa nyumba yoyandikana nayo. Kulira kwakeko ndimakumva ndili m'khitchini mwanga.

Choncho amayi a Lenora anaika lamulo. Otis akagona pansi, ulendo watha. Onse amabwerera kunyumba. Lamulo limeneli silisintha.

Adadi a Lenora amayendetsa lole yaikulu. Amakhala masiku ambiri panjira. Loweruka lina anali oti akhala pakhomo. Kenako achokanso kwa milungu itatu.

Lenora anapempha kuti apite kumyuziyamu Loweruka limenelo. Anapempha m'mawa. Anapempha madzulo. Anapemphanso akutsuka mano.

Amayi anati ayambe aganiza. Kumyuziyamu ndi kutali, maola awiri pa galimoto. Kumakhala anthu ambiri. Zinthu zambiri kumeneko ndi zosagwira. Kodi n'kopita ndi mwana wa matewera?

Anabwera kudzandifunsa ine pampanda. Ine ndalera anyamata anayi. Ndinawauza mosabisa mawu. Ndinati asapite. Ndinati adikire Otis akwanitse zaka zisanu. Atandipempha kuti nditsale naye, ndinakana. Msana wanga ndi wakale.

Adadi nawonso anakayika. Anati Otis ndi wamng'ono, sadzakumbukira kanthu.

Lenora anawerenga zala zake. Otis akadzafika zaka zisanu, iye adzakhala ndi zaka khumi. Kumeneko n'kutali zedi.

"Adadi, Otis sadzakumbukira," anatero Lenora. "Koma ine ndidzakumbukira kuti sindinapite."

Adadi anakanda m'mutu. Amayi anayang'ana Otis. Otis anali akudzipaka phala m'tsitsi.

"Chabwino, tikayesa," anatero Amayi. "Koma lamulo ukulidziwa."

"Ndikamuyang'anira ine," anayankha Lenora. "Sakagona."

Lachisanu Lenora anakonzeka. Anaika mabisiketi m'kathumba. Anathira madzi a maapozi m'kapu ya Otis. Anatenga kagalu kake ka nsalu. Anamusankhira nsapato zofewa, zosathina.

Kenako anamukhazika pansi n'kumulangiza. Anamuuza kuti mawa asakagone pansi. Anamufunsa ngati wamva.

"Ayi," anatero Otis.

Lenora sanataye mtima. Otis amati ayi pa chilichonse, ngakhale pa keke.

Loweruka m'mawa ananyamuka. Ine ndinawabayibitsa ndili pakhonde, ndikupukusa mutu. Anadutsa minda ya thonje. Anadutsa milatho iwiri. Otis anaimba nyimbo yake yopanda mawu. Anavula nsapato imodzi n'kuiponya. Lenora anaitola, n'kumuvekanso.

Kumyuziyamu kunali anthu mbwee. Otis anakana kukhala m'kangolo kake kokankhiramo mwana. Ankafuna kuyenda yekha. Lenora anamugwira dzanja zolimba.

M'chipinda choyamba munali chovala cha anthu opita kumwezi. Chinali choyera, chachikulu, chili m'galasi. Adadi anaima n'kuchiyamikira. Lenora sanachione. Iye ankayang'ana mawondo a Otis. Mawondo a Otis akayamba kupinda, ndiye kuti zaipa.

Mawondo anayamba kupinda. Lenora anamupatsa bisiketi. Mawondo anawongoka.

M'chipinda chachiwiri munali mwala wochokera kumwezi. Anthu anauzungulira akunong'onezana. Lenora sanauone. Iye ankayang'ana mawondo a Otis.

Mawondo anayamba kupinda. Lenora anamupatsa madzi a maapozi. Mawondo anawongoka.

M'chipinda chachitatu munali kagalimoto koyenda pamwezi. Kanali kopanda denga, kopanda zitseko. Lenora sanakaone. Mawondo anayambanso kupinda. Anamupatsa kagalu ka nsalu. Mawondo anawongoka, koma pang'ono chabe.

Lenora anaona nsapato za anthu. Anaona matayala a tingolo ta ana. Anaona kapepala ka switi kali pansi. Zimene anaona ndi zomwezo basi. Mabisiketi anatha. Madzi a maapozi anatha.

Kenako anadutsa kanjira kopanikiza. Anatulukira m'chipinda chachikulu kwambiri. Munali mozizira. Mawu a anthu ankamveka ngati akuchokera kutali.

Lenora anayang'ana kumanja. Anayang'ana kumanzere. M'mabuku roketi imaima chilili, mutu uli kumwamba. Muno munalibe chinthu choima choncho. Anangoona zitsulo, anthu, ndi denga loyera pamwamba pawo.

Anafunsa kuti roketi ili kuti. Palibe anamumva. Adadi anali atawerama, akulimbana ndi tayala la kangolo. Amayi anali akufufuza kansalu m'chikwama.

Pamenepo Otis anasiya dzanja la Lenora. Mawondo anapinda. Anakhala pansi. Kenako anagona chagada, manja uku, miyendo uko.

Amayi anaona. Anausa moyo. Anatulutsa makiyi a galimoto m'chikwama.

"Basi," anatero Amayi. "Tiyeni kunyumba."

Misozi inalengeza m'maso mwa Lenora. Anayesetsa tsiku lonse. Anayenda ulendo wonse uja. Ndipo roketi sanaione.

Anagwada pafupi ndi mlongo wake. "Otis, chonde dzuka," ananong'ona. "Chonde, kamodzi kokha."

Kenako anazindikira kanthu. Otis sankalira. Sankamenyetsa miyendo. Maso ake anali tong'o. Pakamwa panali yasa. Kachala kake kankaloza kumwamba.

"Uuu," anatero Otis, motsitsa mawu.

Lenora anali atavala diresi yake ya kutchalitchi. Pansipo ndi pamene anthu ankaponda. Koma anagona. Anagona pafupi ndi Otis, mutu ndi mutu. Anayang'ana kumene kachala kankaloza.

Silinali denga.

Inali roketi.

Roketi nayonso inali itagona. Inagona m'mwamba, pamwamba pa mitu ya anthu onse. Inali yoyera, ya mizere yakuda. Inayambira kutali uko. Inakathera kutali uko. Mimba yake inali yotakata ngati nyumba yawo. Timisomali take tinali m'mizere m'mizere, tosawerengeka.

Lenora anaiwala kupuma. Thupi lonse linachita tsemwe. Anadziona wamng'ono ngati nyerere, koma sanachite mantha. Anthu ndi amene anapanga chinthu chimenechi. Anthu a manja ngati ake. Ndipo zinzake za chinthu chimenechi zinauluka mpaka kumwezi.

"Amayi, sakulira," anatero Lenora. "Akuonera. Tagonani muone."

Amayi a Lenora ndi munthu waukhondo. Sakhala ngakhale paudzu wa kupaki. Anachita manyazi. Ana awo awiri anali lambalala pansi, anthu akuwalambalala.

Ndiye kunabwera agogo ena ovala jekete loyera. Anali ogwira ntchito m'myuziyamumo. Pachifuwa pawo panalembedwa dzina lakuti Whitlow. Amayi anayamba kupepesa. Anati awadzutsa pompano.

A Whitlow anaseka chapansipansi. Anati awasiye anawo. Anati m'mawa, zitseko zisanatsegulidwe, iwonso amagona pamalo omwewo. Anati akuluakulu amayenda atapinda khosi, ndiye amatopa msanga n'kupitirira.

"Kamnyamata aka kapeza malo abwino kuposa onse," anatero a Whitlow.

Adadi ndi amene anayamba. Anavula chipewa. Anagona pafupi ndi Otis. Anayang'ana roketi ija. Kenako anati lole yawo ija ndi chidole chabe.

"Yvette, tabwera udzaone," anatero Adadi, akuitana Amayi.

Amayi anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Anabweza makiyi m'chikwama. Anakonza siketi yawo. Anagona pang'onopang'ono pafupi ndi Lenora.

Amayi anayang'ana kumwamba. Anangogwira pakamwa.

Apa ndinene zoona. Ine ndinalakwa. Anyamata anayi ndalera, koma ndinalakwa. Lenora atandifotokozera zonsezi, ndinachita manyazi. Ndinachitanso nsanje. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine sindinadekhe.

Anagona choncho anayiwo, maso ali kumwamba. A Whitlow anawauza nkhani motsitsa mawu. Anati roketi yotere ikamanyamuka, nthaka inkagwedezeka. Mazenera a nyumba zakutali ankanjenjemera. Moto wake unkawala koopsa. Anthu ena ankalira poiona ikukwera.

Lenora anatseka maso. Anamva ngati pansi pakugwedezeka. Anatsegula maso. Roketi inali pomwepo, ili phee.

Otis anakwawira pachifuwa cha Adadi. Anayamwa chala. Anayang'ananso kumwamba kamodzi. Posakhalitsa anagona tulo. Adadi anati iwo sangasunthe tsopano, ndipo sakudandaula.

Amayi anadzuka. Anasansa siketi yawo. Anatambasulira Lenora dzanja.

"Iwe lero sunaone kanthu," anatero Amayi. "Wakhala ukungoyang'ana mawondo a mlongo wako. Ndimakuona, mwanangu. Tiye ukandionetse roketi yako."

Anayenda awiriwiri, atagwirana manja. Chibadwire Otis, anali asanayendepo choncho. Lenora anasangalala mpaka kufuna kudumpha.

Anayambira kumchira. Kumeneko kunali mainjini asanu. Anali akuda, akukamwa kwakukulu ngati mabelu. Munthu wamtali ngati Adadi akanaima m'kamwa mwa imodzi osagunda mutu. Lenora anati moni motsitsa mawu. Palibe injini inayankha.

Kenako anayenda kupita kumutu. Anayenda. Anayendabe. Lenora ankawerenga mapazi ake mpaka anasokoneza. Roketi inkacheperachepera. Inacheperabe.

Kumapeto kwenikweni kunali kachipinda kakang'ono kosongoka. Amayi anawerenga chikwangwani. Anati anthu atatu ndi amene ankakhala m'menemo, mothithikana. Roketi yonse ija inali yongonyamula anthu atatuwo.

Lenora anaganiza pang'ono. Anati ndi chimodzimodzi ndi Otis. Kangolo, chikwama, matewera ndi galimoto yonse, kunyamula kamunthu kamodzi. Amayi anaseka mpaka kupukuta misozi.

Anacheuka kuyang'ana kumene anachokera. Kutali uko, pansi pa roketi, Adadi anali chigonere. Ankaoneka ang'onoang'ono. Otis anali kadontho chabe pachifuwa pawo. Adadi anakweza dzanja limodzi n'kuwabayibitsa.

Amayi anawerama n'kuyang'ana Lenora m'maso. Anamufunsa ngati wakhutira. Anamufunsa ngati azipita tsopano.

"Ayi, Amayi," anatero Lenora. "Tiyambirenso."

Amayi anafinya dzanja lake.

"Tiyambirenso," anatero Amayi.

Ndipo anatembenuka awiriwo, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono, maso ali kumwamba.